Mlendo wa Ellard ndi Nthambi ya ku Limbe

Nyambadwe, Blantyre
6 Meyi 2024

Achimwene a Ellard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dublin kwanuko. Kuno tili bwino. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma ku Mvano sakujomba.

Mlendo wanu wafika dzulo, ndipo musanamve kwa iye, yambani mwamva kwa ine. Munangolemba kuti "mnzanga wa kuntchito, Bennet, akubwera, mumulandire." Ine ndinapita ku Chileka nditavala jekete langa la maintaviyu, nditanyamula chikatoni cholembedwa dzina lake. Atatuluka mzungu wina wamtali ndinamuthamangira, n'kumukhuthulira Chingerezi chonse chimene ndinaphunzira ku Poly, mpaka kumufunsa ngati mumlengalenga munali bata. Munthuyo anamwetulira n'kundipatsa chikwama chake. Ankayesa ndine wa kuhotela. Nditayenda nacho pang'ono, wina anatsokomola kumbuyo kwanga.

"Achemwali, Bennet ndine. Kwathu n'ku Chilomoni."

Anali ataima pomwepo nthawi yonseyo, akuonerera. Kunyumba tinapeza amayi atatulutsa mafoloko a paukwati wawo, ataphika mbatatesi zopanda tsabola kuti mzungu angalire. Bennet anapempha kambuzi. Akuti akhala sabata imodzi.

Tsopano za Imwani. Ndilemba zonse, chifukwa pa foni mumangoti "ehe, ehe" kenako mumadzakumbukira zina. Pulagini imeneyi, kapulogalamu kolumikiza ku pulogalamu yaikulu, tinaipanga awiri, kuti pulogalamu ya m'mafamasi izisindikiza malangizo a mankhwala m'Chichewa pa kapepala komata pabotolo. Tinaiika poyera kuti aliyense aitenge ulere, aone khodi yake, malamulo amene tinailembera, akonze chimene angathe. Lero ili ndi nthambi ziwiri. Yatsopano ndi yanu ndi anzanu a kunjako, ndipo imayenda pa pulogalamu yofuna intaneti tsiku lonse. Yakale ndimasamala ine. Ndi imene ili m'mafamasi ndi m'makiliniki makumi awiri ndi atatu a ku Limbe, Ndirande ndi Mbayani, pa makompyuta amene ena anagulidwa inu musanamere ndevu.

Inu mukufuna thunthu limodzi: aliyense aziphatikiza ntchito yake pamenepo, tizitulutsa yatsopano sabata ndi sabata, nthambi yakale ithe. Ine ndikuti thunthulo likhalepo, koma yakale ikhale pambali pake. Tisamaonjezemo zachilendo, tizingokonzamo zolakwika. Ndi ntchito kawiri, ndikudziwa. Koma wogwira kawiriyo ndine, ndipo simunandimvepo ndikudandaula.

Cholakwika chilipo kale. Malangizo akatalika, mapulinta akale akudula mzere wotsiriza, ndipo kawirikawiri mzerewo ndi woti "imwani mutadya" kapena "musamwe ndi mowa". A Mohsin a famasi ya ku Limbe akuchita kulemba pamanja botolo lililonse. Ndakonza, ndi mizere isanu ndi iwiri chabe ya khodi. Koma pulogalamu silola pulagini yosadindidwa, ndipo kiyi wodindira ali ndi inu nokha. Dindani yokonzedwayi, 1.9.4, ine ndiike pa fulashi ndikagawe.

Mundiuze ngati chifuwa chija chinatha.

Ndine mlongo wanu,
Ndaziona


Dublin
15 Meyi 2024

Nda,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ndaseka mpaka wa desiki yoyandikana nane wafunsa ngati ndikufuna madzi. Chikwama cha mzunguyo unachifikitsa pati? Chifuwa chinatha. Bondo la amayi likaonedwe kuchipatala, usawamvere akamati apaka mafuta.

Za nthambi usafulumire kukwiya. Palibe chimene chagamulidwa. Tigamula limodzi, iwe ndi ine, monga tinayambira.

Koma undimve nanenso. Chilichonse chikakonzedwa ku thunthu, umayenera kuchinyamula pamanja kupita nacho ku nthambi yako, ndipo chaka chatha unaiwala kawiri. Sindikukunena, ndikungokumbutsa. Anthu atsopano ofuna kuthandiza amasokonezeka, amatumiza zokonza ku nthambi yolakwika, tikawabweza sabweranso. Komanso manambala a pa webusaiti akuti yakale anaitsitsa anthu anayi okha chaka chonse. Anayi, Nda. Mmodzi ndine.

Ndikudziwa uti anthu ako satsitsa, umawapititsira pa fulashi. N'chifukwa chake ndapempha Bennet kuti, poti ali patchuthi, aone ndi maso ake. Uzimutenga kulikonse. Umuonetse makompyutawo, umudziwitse kwa eni ake, asamuone ngati wa msonkho. Akabwera ndi lipoti, ine ndikhala ndi chowauza anzanga kuno, kenako tikambirana bwinobwino.

Kiyi ali pa laputopu ina imene ndinasiya ku ofesi. Loweruka ndidinda.

Unditumizire chithunzi cha amayi ndi mafolokowo.

Ellard


Nyambadwe
26 Meyi 2024

Wokondedwa mwana wanga Ellard,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndalemba pamanja ndipo ndijambula ndi foni, chifukwa timabatani tija timalemba zimene ine sindinanene. Bondo lilipo. Iwe ukudya?

Ndikufuna undiuze zoona. Mnzakoyu anati sabata imodzi, koma lero ndi Sabata lachitatu akupemphera nafe. Sindikudandaula. Pakhomo panga sindinafunsepo mlendo tsiku lochoka, ndipo sindiyamba ndili ndi imvi. Koma maso ndili nawo. M'mawa uliwonse amatuluka ndi mlongo wako, kukwera naye minibasi mpaka ku Mbayani, pamene kwawo ku Chilomoni wapitako kamodzi kokha. Chilichonse chimene Ndaziona wanena, iye amalemba m'kabuku. Malemu bambo ako, ngakhale nthawi imene ankandifunsira, sanalembepo mawu anga ndi amodzi omwe.

Ndiye ngati unamutuma kuti adzaone mlongo wako, nena, ndidziwe tsiku lowauza amalume ako a Peterson. Ine sindikumukana. Ndi wa mpingo wathu, amatsuka mbale yake, nyimbo za m'buku amazidziwa mpaka vesi lomaliza. Nsapato amalowa nazo m'nyumba, koma zimenezo zimakonzeka.

Chondivuta n'chimodzi. Masana ena, Ndaziona akapita kukaphunzitsa, iye amatchena n'kubwerera yekha ku Limbe atanyamula maenvulopu. Mayi Alefa a ku Mvano amuona kawiri akulowa m'famasi ya a Mohsin, ndipo akuti amakhalitsamo. Ngati ali ndi matenda amene akubisa, ine ndagwira unamwino zaka makumi atatu, palibe chingandidzidzimutse. Koma ndidziwiretu. Mlongo wako sindinamuuze kanthu.

Uzivala zofunda.

Ndine mayi ako


Nyambadwe
3 Juni 2024

Achimwene,

Muli bwanji? Kuno chiperoni chayamba, phiri la Ndirande sitinalione chiyambire Lachisanu.

Maloweruka atatu adutsa. Kodi ofesi yanu inasamuka ndi laputopu yomwe? Mukandiuza kumene inapita ndilembera kalata mlonda wake.

Bennet ndamufikitsa malo onse makumi awiri ndi atatu. Waona kompyuta ya ku Mbayani imene amaiyatsa pogwira batani ndi chotokosera m'mano. Walemba maina, manambala a foni, mtundu wa pulinta. Ku famasi ya a Gulshan anadya masamusa asanu ndi limodzi, ndipo amenewo sanalembe. Amayi ayamba kumuikira chiwindi cha nkhuku m'mbale mwake, ine akundiyang'ana ngati ndapambana mayeso. Sindikudziwa chimene akuganiza, kapena ndinene kuti ndikudziwa koma ndilibe mphamvu.

Izi si zoseka: ku kiliniki ya ku Mbayani namwino anatanganidwa, anaiwala kulemba mzere uja pamanja. Bambo wina anamwa mapiritsi masiku atatu m'mimba mulibe kanthu, anabwerera atapindika. Ali bwino tsopano. Dindani.

Ndaziona


Nyambadwe
12 Juni 2024

A Ellard,

Moni. Amayi ali bwino.

Dzulo ndinapita kwa a Mohsin kukawapepesa kuti 1.9.4 ikuchedwa. Ndisanakhale n'komwe anati, "Achemwali, mwabwera kudzatitsanzika?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke. Anatukula galasi la pakauntala n'kusolola kalata. Ndinaiwerenga nditaima. Ikuti nthambi yakale ya Imwani itsekedwa pa 30 Juni, sipadzakhalanso zokonza, ndipo amene akufuna kupitiriza agule kompyuta yatsopano ndi kulumikiza intaneti. Pansi pake pali maina awiri, lanu ndi langa.

"Anabweretsa mlendo wanu uja," anatero. "Ine ndinawauza akazi anga a Insiya kunyumba kuti mtsikana ameneyu wabwera kuno zaka zinayi, wamwa tiyi wathu, tsiku lina anakonza pulinta atagwada pansi apa. Nkhani yotere angatume munthu wa tayi? Iwo anati mwina mukuchita manyazi."

Ndinati sindikudziwapo kanthu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, monga amayang'anira munthu wobwera ndi chikalata cha dokotala chofufutafufuta.

"Dzina ili si lanu?"

"Ndi langa."

"Ndiye kunyumba kwanu kuli nkhani. Ine kompyuta ndigula, si vuto. Koma a ku Mbayani aja, netiweki imachita kufunidwa pakhonde, muwauza chiyani? Khalani pansi, mwatuwa."

Nditabwerera ndinatsegula mbiri ya pulojekiti. Inu munandiphunzitsa nokha kuti m'menemo chilichonse chimasungidwa ndi tsiku lake, ndi dzina la wolemba. Sindinavutike. Pali kanthambi kena kamene sindinkakalabadira, ndimayesa n'koyeserera. M'menemo muli kalata yomweyi, liwu ndi liwu. Wolemba ndinu. Wovomereza ndi Bennet. Tsiku lake ndi 22 Epulo. Pambali pake pali pempho lanu kwa eni pulogalamu yaikulu kuti Imwani ilowe m'ndandanda wawo wa mapulagini ovomerezeka, ndipo mwalonjezamo kuti yakale ifa.

Pa 15 Meyi munandilembera kuti palibe chimene chagamulidwa. Ndawerenga pa kalendala ya ku tchalitchi ili kukhitchiniyi: panali patadutsa masabata atatu ndi masiku awiri.

Bennet ndinamupeza pakhonde akusenda nzimbe. Ndinamuikira kalatayo pamwendo.

"Ndimayesa mukudziwa," anatero. "A Ellard anati munavomera kalekale, kungoti kuwauza nokha anthu anu kukukuvutani. Anati ndisaitchule nkhaniyi, imakupwetekani."

"Nanga lipoti?"

"Lipoti lanji? Ine anandituma kudzalemba amene angasamuke msanga ndi amene atsale."

Ndiye ndine ndinamugwira dzanja, khomo ndi khomo, n'kumanena kuti uyu ndi mnzawo wa achimwene anga, mukhulupirireni. Akanabwera yekha, a Gulshan sakanamuonetsa ngakhale soketi.

Ndikufuna yankho lolemba. Musaimbe.

Ndaziona


Dublin
14 Juni 2024

Nda, mlongo wanga,

Ndaimba kasanu. Chabwino, ndilemba. Ndikhulupirira amayi ali bwino.

Sindikana za tsikulo. Mwayi wolowa m'ndandanda unkatsekedwa kumapeto kwa Epulo, ndipo lamulo lawo ndi lakuti pulagini ikhale ndi thunthu limodzi, pa pulogalamu yatsopano yokha. Ndikanakufunsa ukanakana, tikanakangana mpaka Ogasiti, mwayi n'kupita. Ndinaganiza kuti Bennet akasamutsa angapo, uona wekha kuti n'zotheka, kenako ndikuuza. Ndinachedwa kukuuza, ndipo pamenepo ndalakwa.

Koma taona chimene tapeza. Chilowereni m'ndandanda, anthu a ku Zambia ndi ku Tanzania ayamba kale kumasulira m'zinenero zawo. Kanthu kamene tinayamba patebulo la amayi kadzakhala m'zipatala mazana. Ukufuna tikanize zonsezi chifukwa cha makompyuta makumi awiri ndi atatu amene mawa lomwe akhoza kuzima osayakanso?

Dzina lako ndinaliika chifukwa pulojekiti ndi ya tonse. Ndikanalisiya ukanati ndakuchotsa.

Za kiyi, laputopu ili pompano. Sindingadinde 1.9.4. Ndinasaina kuti sipatulukanso china cha nthambi yakale, ndipo akaona ndadinda atichotsa. A Mohsin apirire ndi cholembera milungu iwiri yokha.

Anzanga avomera kuti iwe ukhale mkulu woona zomasulira zonse. Ndi udindo weniweni, dzina lako lidzakhala patsamba loyamba. Bennet akhale mpaka kutha kwa mwezi, athandize osamuka.

Chonde amayi usawauze. Sangamvetse, angodandaula.

Mchimwene wako,
Ellard


Nyambadwe
22 Juni 2024

Achimwene,

Moni. Bondo la amayi linaonedwa, akuti ndi kukula basi.

Udindo wanu ndathokoza, mupatse wina. Ndikuuzani zimene ndachita, kuti musadzazipeze m'mbiri.

Chilolezo chimene tinasankha tonse chimati aliyense akhoza kutenga khodi yonse n'kupitiriza payekha. Ndatenga. Ndapanga kiyi wanga. Njira imeneyi ndinkaidziwa chiyambire Meyi, koma kuika kiyi wina m'kompyuta ya munthu n'kumuuza kuti kuyambira lero asamvere inu, amvere ine, ndipo sindinkafuna kunena zimenezo za mchimwene wanga. Ndazinena kamakumi awiri ndi katatu m'masiku asanu ndi atatu, ndi pakamwa panga, nditanyamula kalata yanu ija. Awiri akana, akuti agula makompyuta atsopano, ndi anu amenewo, muwasamale. A Gulshan anandisiya nditaima theka la ola asanandilole kukhudza kiyibodi. Sindikuwada.

Kwa a Mohsin tinayesa ndi malangizo aatali kwambiri amene tinawapeza. Kapepala kanatuluka konse. Anakawerenga mokweza mpaka pansi, n'kuponya cholembera m'dirowa.

"Ndiye tsopano tikadandaula, tidandaulira ndani?"

"Ine."

"Kale timadandaulira ndani?"

"Ine."

"Basi, imwani tiyi."

Kayendetsedwe kanga ndi aka. Nthambi ndi imodzi, yosaonjezamo zachilendo. Chokonza chilichonse chiziyamba chagwira ntchito sabata yathunthu m'mafamasi atatu ndisanachidinde. Mukakonza kanthu ku thunthu lanu kondikhudza, ndidzatenga ngati munthu wina aliyense wodutsa. Munanena zoona kuti ndinaiwala kawiri, ndiye ndapachika pepala pakhoma. Inunso mukafuna zanga tengani, zili poyera. Ku pulojekiti yanu ndadzichotsa ndekha pa anthu ololedwa kulemba. Dzina langa mulichotse pa kalata iliyonse imene sindinaione.

Amayi sindinawauze ine. Anawauza Bennet. Lachitatu anamuitanira kuchipinda chochezera, atavala chitenje chatsopano, n'kumufunsa mwaulemu kuti akuluakulu a kwawo abwera liti. Munthu anatsamwa ndi tiyi. Pofuna kudzipulumutsa anafotokoza zonse, kuyambira Epulo. Munati sangamvetse. Anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye bambo wa ku Mbayani uja anapindika kiyi ali m'thumba mwa mwana wanga?" Bennet anati sakudziwa za thumba. Amayi anati zikomo, n'kupita kukathirira maluwa.

Mukuwadziwa, sangauze mlendo kuti achoke. Lachinayi anapita kumsika, anagula mpunga wa Kilombero, mtedza, ufa ndi usipa wouma. Anamanga zonse bwinobwino m'katoni, analemba dzina lake pamwamba, n'kuika pakhomo la chipinda chimene amagona. Bennet anadumpha katoniyo tsiku lonse ngati sakuiona. Dzulo pa chakudya chamadzulo amayi anati tipemphere, ndipo anapempherera ulendo wa mlendo wathu: msewu wa ku Chileka, woyendetsa ndege, mitambo, ngakhale anthu osecha zikwama. Anatchula ndi tsiku lomwe, kuti Ambuye amutsogolere mawa Loweruka. Tikiti yake inali ya pa 30. Atati ameni, iyenso anati ameni, n'kupita kukasintha tikiti pa foni.

Lero m'mawa takisi inafika. Pageti anandipatsa kabuku kake kaja.

"Muli zonse za makompyuta a anthu anu. Kwa ine n'kopanda ntchito tsopano." Anaima pang'ono, katoni ili paphewa. "Mizere isanu ndi iwiri ija ndinaiwerenga. Ndikanakhala ine ndikanadinda."

Ndinati ayende bwino, apereke moni.

Amayi anakweza dzanja mpaka galimoto inakhota kumunsi kuja. Atatsitsa anati, "Kachotse zofunda m'chipinda cha mchimwene wako, utsegule mawindo. Bedi tiikweza kudenga. Makompyuta ako achoke patebulo langa lodyera, alowe m'menemo."

Ndinafunsa kuti nanga mukadzabwera pa Khirisimasi mudzagona pati.

Anati, "Adzayambe wafunsa."

Ndaziona